Kodi Wojambula Aima Mbali ya Yani?

Caka ndi caka, mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, njira ya ku Mkaika m'dera la Katete idzala ndi anthu. Mafumu a Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique adza kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo umene unaukitsidwa mu 1984 utakhala woletsedwa kuyambira 1934. Ng'oma zilira, zirombo zituluka ku dambwe, anamwali abvina pamaso pa khamu. Koma munthu woyang'anitsitsa aonanso cinthu cimene makolo sanacione: anyamata ndi atsikana ambiri agwira foni m'manja. Foni yomweyo imene ijambula gule masana ndiyo imene usiku itsegula mabuku a nthano za zithunzi ocokera ku America, ku Japan ndi ku maiko ena. Ena a mabukuwo ngolembedwera ana. Ena ngolembedwera akulu okha, ndipo mwa amenewa muli ena amene aonetsa mwamuna alikugwirira mkazi.

Nkhani imeneyi igawa anthu pawiri. Gulu loyamba liti zinthu zotere nzolaula, zosayenera kujambulidwa ngakhale kuchulidwa kumene, ndipo buku liri lonse lokhala nazo liyenera kuponyedwa pa moto. Gulu laciwiri liti cithunzi ndi cithunzi cabe, palibe munthu analira pocijambula, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wa kuwerenga cimene afuna. Magulu onse awiri alakwa, ndipo kulakwa kwao nkumodzi, pakuti onse aiwala mkazi wogwiriridwayo. Oyamba afuna kumbisa kuti asawacititse manyazi. Aciwiri afuna kumuonerera kuti awasangalatse. Nkhanza imeneyi ingathe kujambulidwa, ndipo nthawi zina iyenera kujambulidwa. Cimene cisiyanitsa buku labwino ndi loipa ndi ici: pamene wojambula agwira colembera cace, kodi aima mbali ya yani?

Mkangano umenewu si wa lero. Mu 1954 osindikiza mabuku a zithunzi ku America, poopa kuti boma lingawaikire lamulo, anadziikira okha malamulo ochedwa Comics Code. Mwa malamulowo munali lakuti kugwirira mkazi kusaonetsedwe, ngakhale mophiphiritsa. Caka cotsatira, 1955, nyumba ya malamulo ku Britain inakhazikitsa lamulo loletsa mabuku a zithunzi zoopsa zimene zingaononge ana. Koma mpandawo sunakhalitse. Pofika 1968 ojambula ena a ku San Francisco, wochuka mwa iwo Robert Crumb, anayamba kutulutsa mabuku ao osapempha cilolezo kwa munthu, najambula zonse zimene zinali zoletsedwa. Ambiri anawayamika monga anthu othyola maunyolo. Koma akazi ojambula a nthawi yomweyo, monga Trina Robbins, anaona kuti ufulu watsopanowo unali kugwiritsidwa nchito pojambula akazi alikuzunzidwa kuti owerenga aseke. Malamulo a 1954 aja anatheratu mu 2011. Motero maiko ayesa njira zonse ziwiri, ya kutseka pakamwa ndi ya kulekerera, ndipo pa njira zonsezi liu la wolirayo linasowa.

Ayambe kuyankhidwa a gulu loyamba, popeza mau ao ndiwo amveka msanga m'midzi. Iwo ati mwambo wa Acewa sulola zithunzi zonena za thupi. Kunena kotere nkusaudziwa mwambowo. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006, muli zithunzi zoyera zimene akazi a Acewa anajambula pophunzitsa anamwali, ndipo zithunzi za makolo zipezekanso ku Makwe m'dera la Katete ndi ku Thandwe kufupi ndi Chipata. Pa cinamwali anamkungwi aumba zilengo za dothi, naphunzitsa nazo mtsikana za thupi lace ndi za m'banja. Makolo sanaope cithunzi. Anasamala zinthu zitatu: wocipanga akhale munthu wodziwa, wociona akhale woyenera kuciona, ndipo cithunzico cikhale ndi phunziro lace. Phunziro likatha zilengozo zifafanizidwa, kuti wodutsa m'njira angazisandutse coseketsa.

Gule wamkulu nayenso, amene UNESCO inamlemekeza mu 2005, ali ndi zirombo zambiri zoonetsa makhalidwe oipa, monga kuledzera, ciwerewere ndi umbombo. Cirombo cotere cibvina pa bwalo poyera, ana ndi akulu alikupenya, kuti mudzi ulizindikire khalidwelo ndi kulinyoza. Cimene cionetsedwa pa bwalo ndi nkhope ya wocita coipa. Wocitiridwa coipa sakokeredwa pakati pa khamu iai. Wowerenga asunge bwino mfundo imeneyi, pakuti nkhani yonse itsamira pa iyo.

Kukhala cete kumene gulu loyamba lifuna kwakhala m'midzi nthawi yaitali, ndipo zipatso zace zidziwika. Lamulo la Zambia nlolimba. Kuyambira 2005 munthu wogona ndi mwana wosafika zaka 16 alandira ukaidi wosacepera zaka 15, ndipo mu 2011 kunadza lamulo linanso lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Koma lamulo siligwira mlandu umene sunachulidwe. Mtsikana akagwiriridwa ndi mlamu wace, kaya ndi mwamuna wa amace, kaya ndi munthu wolemekezeka pa mudzi, kawiri kawiri akulu akhala pansi usiku, wolakwa alipira mbuzi kapena ndalama, ndipo mtsikana auzidwa kuti asatulutse za m'nyumba kubwalo. Akale anati wobisa matenda maliro adzamuulula. Mwana amene sanamvepo nthano yochula cinthu cimene cinamgwera aganiza kuti cinagwera iye yekha pa dziko lonse, ndi kuti wolakwa ndi iye mwini. Cifukwa cace amene atentha buku liri lonse lonena za kugwirira athandiza wogwirirayo, pakuti fisi akonda mdima.

Mu 2009 dziko la Zambia linaona kumene mtima wotere ufikitsa anthu. M'caka cimeneco anchito a m'zipatala ananyanyala nchito, ndipo mai wina anabereka panja pa cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka popanda womthandiza, mwanayo anamwalira. Zithunzi za cocitikaco zinafika m'manja mwa Chansa Kabwela, mkonzi wa nkhani pa nyuzipepala ya The Post. Iye sanazisindikize. Anazitumiza pamodzi ndi kalata kwa waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, George Kunda, kwa nduna ya zaumoyo ndi kwa mabungwe ena a akazi, kuti aone zimene kunyanyalako kunali kucita. Mtsogoleri wa dziko Rupiah Banda anati zithunzizo nzolaula, ndipo Kabwela anagwidwa naimbidwa mlandu pa cigawo 177 ca malamulo a milandu, cimene cilango cace cifika zaka 5. Mu Novembala caka comweco bwalo linammasula, popeza panalibe umboni wakuti zithunzizo zingaononge khalidwe la munthu. Zithunzizo sizinali za kugwirira, ndipo zinali za kamera, koma phunziro lace nlimodzi. Zinaoneka monga akuluakulu anapsa mtima ndi cithunzi koposa ndi imfa ya mwana. Ndipo Kabwela, ngakhale ena anamdzudzula poganizira ulemu wa mai uja, anacita monga namkungwi: anasankha oyenera kuona, nawaonetsa ndi colinga.

Tsopano ayankhidwe a gulu laciwiri, amene ambiri a iwo ndi acinyamata ophunzira, odziwa Cingerezi ndi intaneti. Iwo ati cithunzi ca inki siciri munthu, ndipo kunena zoona siciri munthu. Koma cimeneci cikulitsa mlandu wa wojambula m'malo moucepetsa. Wogwira kamera angathe kunena kuti anatola cimene anapeza. Wojambula ndi dzanja sapeza kanthu; ayamba ndi pepala loyera, ndipo mzere uli wonse ucokera mumtima mwace. Ndiye asankha ngati cobvala cing'ambike pa phewa kapena pa cifuwa. Ndiye asankha ngati diso la wowerenga likhale pamwamba, pamene pali diso la wogwirira, kapena pansi, pamene pali diso la wogwiriridwa. Ndiyenso asankha ngati nkhope ya mkazi ionetse mantha, kapena ioneke monga ya munthu amene ayamba kukondwera. Ici cotsirizaci ndico bodza loipitsitsa la mabuku otere, ndipo ndi bodza lomwelo limene ogwirira anena pa bwalo la milandu, lakuti mkazi akati iai atanthauza inde.

Ndiponso buku la zithunzi lisiyana ndi kanema. Kanema athamanga, cithunzi cidza nicipita. Koma m'buku nthano igawidwa m'timabokosi, ndipo kabokosi kali konse kaima ciriri kudikira diso. Wowerenga angakhalepo kamphindi kapena ora lathunthu, nabwererapo mawa. Motero wojambula amene apatsa kugwirira tsamba lathunthu nalikongoletsa, koma napatsa kulira kwa m'mawa mwace kabokosi kamodzi kakang'ono, waulula kale kumene kuli mtima wace, angakhale alembe pa cikuto kuti adana ndi nkhanza. Kunena kuti buku nla akulu okha sikumtsuka konse. Mau amenewo angochula msinkhu wa wowerenga. Sanena kanthu za mtima wa wolemba, ndipo foni sifunsa munthu zaka zace. Kunena za ana, pamenepo palibe mkangano ndi pang'ono pomwe. Cithunzi coonetsa mwana monga cinthu cokhumbirika ncoipa, cikhale ca inki kapena ca kamera, ndipo palibe luso limene lingaciyeretse.

Ngakhale amisiri akulu agwa m'mbuna imeneyi. Citsanzo codziwika ndi buku lochedwa The Killing Joke la mu 1988, lolembedwa ndi Alan Moore ndi kujambulidwa ndi Brian Bolland, anthu awiri a ku Britain amene luso lao palibe alikana. M'bukumo cigawenga cochedwa Joker ciombera mfuti mtsikana dzina lace Barbara Gordon, cimpundula, cimbvula ndi kumjambula zithunzi ali m'mwazi, kuti cikaonetse atate wace ndi kuwapengetsa misala. Nthano yonse itsata atatewo, Joker ndi Batman. Mtsikana angokhala cida, monga mwala umene munthu atola kuti agende nao mdani. Moore mwini pambuyo pace ananena poyera kuti bukulo silimkondweretsa. Mu 1999 wolemba wina wamkazi, Gail Simone, anasonkhanitsa maina a akazi a m'mabuku otere amene anaphedwa, kupundulidwa kapena kugwiriridwa, kawiri kawiri kuti mwamuna wa m'nthano apeze cifukwa ca kukwiya, ndipo mndandanda wace unatalika kocititsa manyazi.

Koma wobvuta kumyankha koposa onse ndiye wojambula wa mtima wolungama amene abwereka kugwirira kuti anene nkhani ina. Pa 7 Sepitembala 2008 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku South Africa inasindikiza katuni wa Jonathan Shapiro, wodziwika ndi dzina lakuti Zapiro. Cilungamo cinajambulidwa monga mkazi womangidwa nsalu m'maso. Amuna anai, Gwede Mantashe, Julius Malema, Blade Nzimande ndi Zwelinzima Vavi, amtsendereza pansi, ndipo Jacob Zuma, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa cipani ca ANC, alikumasula lamba. Wojambulayo anafuna kunena kuti Zuma ndi omtsata anali kuopseza mabwalo a milandu kuti mlandu wace wa ziphuphu uthe. Zuma anasumira wojambula ndi nyuzipepala, nafuna mamiliyoni a marandi, koma mu Okutobala 2012 anausiya mlanduwo.

Pa ufulu wa kudzudzula olamulira Zapiro anali ndi mbali yolungama, ndipo nkwabwino kuti sanagonje. Sanabisenso nkhope za amene anawadzudzula. Anazijambula zonse zisanu kuti zidziwike. Koma patsala funso limene bwalo la milandu silifunsa. Mu 2006 Zuma anazengedwa mlandu wa kugwirira mkazi amene anthu anamucha Khwezi, ndipo bwalo linampeza wosalakwa. Pa masiku a mlanduwo ena a omtsata anatentha zithunzi za mkaziyo kunja kwa bwalo, ndipo mlandu utatha iye anathawira ku Netherlands. Wowerenga ali yense wa katuni uja anakumbukira mlanduwo; m'menemo ndimo munali mphamvu ya cithunzico. Motero cowawa ca mkazi wamoyo, amene anali atataya kwao, cinasanduka ndodo yomenyera munthu wandale pa nkhani ina.

Mu Epulo 2017 Zapiro anabwerezanso fanizo lomwelo. Nthawi imeneyi mkazi anali dziko la South Africa, wobvala mbendera, ndipo pambali pa Zuma panali mmodzi wa abale a banja la Gupta. Anthu osamala akazi ogwiriridwa anadandaula poyera, nati cithunzi cotere cibwezera mkazi ku tsiku limene ayesa kuliiwala. Dandaulo lao nloona. Mkazi wotsegula nkhani za tsikulo ali m'basi sanapemphe kuonetsedwa zimenezo. Kwa wojambula, kugwirira kunali fanizo. Kwa mkaziyo ndi madzulo ena ace odziwika tsiku lace, ndi pfungo la thukuta, ndi citseko cimene sicinatseguke. Imaiwala ndi nkhwangwa, mtengo suiwala. Ndiponso fanizo lobwerezedwa kawiri kawiri lisukuluka. Anthu akazolowera kumva kuti cuma ca dziko cagwiriridwa, cisankho cagwiriridwa, liu lomwelo lipepuka pamene mtsikana wa ku Sinda kapena wa ku Vubwi alichula ponena za thupi lace.

Nanga njira yolungama iripo kodi? Iripo ndithu, ndipo ena aiyenda kale. Mu 2017 Keum Suk Gendry-Kim wa ku Korea anatulutsa buku limene m'Cingerezi lichedwa Grass. Ndi mbiri ya gogo Lee Ok-sun, amene anabedwa ali mtsikana mu 1942 natengedwa kupita ku China kukakhala kapolo wogonedwa ndi asilikali a Japan. Wojambulayo anakhala pansi ndi gogoyo namva mau ace. Bukulo nlalikulu, la masamba oposa 400. Lionetsa njala ya pa ubwana wace, kulakalaka kwace sukulu, ukalamba wace ndi nthabwala zace. Pofika pa nthawi ya kugwiriridwa, timabokosi tingoda bii, kena pambuyo pa kanzace. Palibe thupi loti diso lidyererepo. Wowerenga atsekeredwa mumdima pamodzi ndi mtsikanayo, ndipo atulukamo wosweka mtima koposa akadaona zonse.

Mu 2015 mkazi wina wa ku England, amene adzilemba dzina lakuti Una, anajambula mbiri ya iye mwini m'buku lochedwa Becoming Unbecoming. Iye anakulira ku Yorkshire m'zaka za m'ma 1970, pamene Peter Sutcliffe anali kupha akazi m'dera limenelo, ndipo iyenso anacitiridwa nkhanza ali mtsikana. Dzina la wakuphayo dziko lonse linalidziwa, koma akazi 13 amene iye anawapha anthu anawaiwala. Pa masamba otsiriza a buku lace Una anajambula akaziwo monga akadakhalira akadakhala ndi moyo, ali yense alikucita zinthu za masiku onse. Anawabwezera cimene analandidwa, ndico kukhala anthu.

M'maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa namonso muli citsanzo. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNICEF linatulutsa nthano za zithunzi za mtsikana dzina lace Sara, ndipo Zambia ndi Malawi anali mwa maiko amene anathandiza kuzikonza. M'nthano imodzi mnzace wa Sara, Amina, agwa m'manja mwa oyendetsa malole ofuna kumuononga. M'nthano ina mwini sitolo achera Sara msampha wa mphatso. Mwana wa pa Katete, amene aona malole a pa Great East Road ndi a pa mseu wa ku Chanida alikugona pa mphambano, sasowa wommasulira. Mabukuwo ngolembedwera ana a msinkhu wa cinamwali, koma wojambulira akulu angaphunziremo. Coonetsedwa poyera ndi macenjera a mwamuna, mphatso zace ndi kumwetulira kwace. Thupi la mtsikana likhala la mwini wace.

Wina angatsutse nati, ngati nzotero, ndiye kuti malamulo a 1954 abwerera ndi malaya ena. Iai, sabwerera. Muyeso suli pa kuwerenga nsalu zimene zatsala pa thupi. Mkazi amene anagwiriridwa angasankhe kujambula zonse mosabisa kanthu, kuti anthu aleke kuyang'ana kumbali, ndipo palibe woyenera kumletsa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Komanso mwamuna angajambule mkazi wobvala bwino lomwe, namsandutsabe nyama ya pa mbedza. Cifukwa cace nchito imeneyi siyenera kuperekedwa kwa wapolisi. Cigawo 177 cinagwira Kabwela amene anafuna kupulumutsa amai, koma sicingathe kulowa m'foni iri yonse usiku. Woweruza weniweni ndi wowerenga wophunzitsidwa kupenya, amene adziwa kutseka buku lonyansa ndi kuuza mnzace cifukwa cace.

Enanso ati buku labwino lisabvute mtima. Kumeneko nkulakwa, pakuti nkhani ya kugwirira imene sibvuta mtima ndiyo yoopsa. Koma kubvutika mtima kuli pawiri. Kwina nkwa munthu amene wasuzumira pa zenera la eni, nazindikira kuti wakondwera ndi cimene sanayenera kuona. Kumeneko kumsiya wodetsedwa, ndipo mawa afuna cithunzi coposa ca dzulo. Kwina nkwa munthu amene wagona pa maliro a mnansi wace. Kumeneko kumsiya wolemedwa, koma auka m'mawa wofuna kucitapo kanthu. Wowerenga woona mtima sasowa womuuza kumene wamva pa kuwiri kumeneku.

M'midzi yozungulira Mkaika muli anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene dzanja lao lidziwa kujambula. Ena alemba zikwangwani za masitolo ndi za mometera tsitsi, ena adzaza makope akale ndi nkhope za anzao. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzafuna kujambula nkhani zenizeni za anthu a mtundu wace, ndipo nkhanizo ziripo. Mu Okutobala 2019 akazi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu kufupi ndi Lilongwe ananena kuti apolisi anawagwirira, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la m'Malawi linalamula kuti akazi 18 alipidwe. Ziriponso nkhani zosawerengeka zimene sizinafike pa bwalo liri lonse. Nkhani zotere ziyenera kujambulidwa, kuti zisaole pamodzi ndi nyuzipepala zakale zokulungira nsomba pa msika.

Koma woyamba nchito imeneyi adzifunse mafunso anai asanaviike colembera mu inki. Kodi eni nkhani abvomera, ndipo mau ao alimo? Kodi mkaziyo ali ndi dzulo ndi mawa m'nthanomo, ali ndi munda, ana ndi nthabwala, kapena aonekera pa tsamba limodzi lokha la tsoka? Kodi coonekera koposa ndi ciani, thupi lace kapena nkhope ya wolakwa ndi nkhope za akulu amene analandira mbuzi? Ndipo kodi tsambalo lingayalidwe pamaso pa mwini nkhani, wojambula osagwetsa nkhope pansi?

Wojambula amene ayankha bwino mafunso awa ajambule mosaopa, ndipo akulu a pa mudzi asamtsekereze, zingakhale zithunzi zace ziwasowetse tulo. Tulo timeneto ena anatisowa kale. Amene alephera kuwayankha asabisale kuseri kwa mau akuti ufulu kapena luso, pakuti wasankha yekha mbali yace, ndipo ndi mbali ya fisi. Pa bwalo la gule cirombo coipa cibvina mpaka pfumbi koboo, kuti mudzi wonse ucidziwe ndi kucikumbukira. Koma sikunamveke kuti namkungwi anatenga namwali wolira, namuimika pakati pa bwalo kuti khamu limuonerere.